Kuchiza ndi Chakudya: Njira Yokhalira Katswiri wa Kadyedwe ka Odwala

Munthu akachoka ku chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe timangoti Queens, atauzidwa kuti ali ndi matenda a shuga, asanafike n'komwe pakhomo amakhala atapeza kale alangizi anayi kapena asanu. Mu minibasi ya ku Bangwe, mayi amene wakhala naye mpando umodzi amamuuza kuti nsima ya ufa woyera aiiwale, azidya mgaiwa wokhawokha. Akatsika, mnyamata wogulitsa mabotolo a zitsamba pasiteji amalumbira kuti katundu wake amachotsa shuga m'masabata awiri. Kunyumba apongozi akuti uchi ulibe vuto poti ndi wachilengedwe, pomwe mdzukulu, foni ili m'manja, akuwerenga uthenga wa pa WhatsApp woti wodwala shuga asalawe chipatso chilichonse. Onsewa akumufunira zabwino, kupatula mwina wa mabotoloyo. Koma ikakwana nthawi ya chakudya chamadzulo, wodwala uja amangoyang'ana mbale, osadziwa ngati adye kapena ayi.

Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuyankha funso limeneli, ndipo anakhala zaka ku yunivesite akuphunzira kuliyankha. Kuchipatala amawatchula ndi dzina la Chingelezi lakuti dietitian. M'nkhani ino tiziti katswiri wa kadyedwe ka odwala, kapena mwachidule katswiri wa kadyedwe. M'Malawi muno akadali ochepa zedi, moti ambiri a ife sitinakumanepo ndi mmodzi yemwe.

Si wophika, si dokotala

Anthu akamva za maphunziro a zakudya amaganiza za khitchini, apuloni ndi kuphika makeke. Makolo ena amafika pokhumudwa kuti mwana wokhoza bwino chotere akupita kukaphunzira "zophikaphika". Katswiri wa kadyedwe amadziwadi kaphikidwe, koma malo ake a ntchito ndi pambali pa bedi la wodwala. Dokotala amapeza nthenda n'kulemba mankhwala. Namwino amasamalira wodwala usana ndi usiku. Katswiri wa kadyedwe amawerengera zimene thupi lodwalalo likufunika kulandira, kuchuluka kwake, nthawi yake, ndi njira imene zilowere: pakamwa, kapena pa kachubu kodzera m'mphuno ngati munthuyo sangathe kumeza.

Palinso dzina lina, nutritionist, limene ambiri amalisokoneza ndi loyambali. Awiriwa ndi pachibale, koma ntchito zawo zimapatukana. Nutritionist kawirikawiri amayang'ana gulu: ana a m'boma lonse, amayi oyembekezera a dera linalake, phala la kusukulu, ndondomeko za boma. Cholinga chake chachikulu n'chakuti anthu asadwale. Dietitian amaphunziranso zimenezi, kenako amawonjezera maphunziro a m'mawodi kuti athe kuthandiza munthu mmodzi amene wadwala kale, yemwe chakudya cholakwika chingamupweteke mofanana ndi mankhwala olakwika.

Uphungu umene timamva pa wailesi ndi kusikelo, wakuti tizidya magulu asanu ndi limodzi a zakudya (zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta), uli ngati chovala cha pa kaunjika: n'chabwino ndipo chimakwana anthu ambiri. Katswiri wa kadyedwe ndi telala wa pakhonde, amayamba wakuyezani. Nthochi n'zabwino pafupifupi kwa aliyense, koma kwa munthu amene impso zake zafooka kwambiri zingasokoneze kagundidwe ka mtima. Kumwa madzi ambiri timakulimbikitsa, koma pali odwala mtima ndi impso amene madzi awo amayenera kuyezedwa ndi kapu.

Njala ndi kunenepa m'nyumba imodzi

Kale nkhani ya zakudya m'dziko muno inali ya kuperewera basi. Mu 1938 boma la atsamunda linatumiza gulu lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt kukafufuza zimene anthu ankadya m'midzi ya m'boma la Nkhotakota. Mmodzi wa gululo, Jessie Williamson, pambuyo pake analemba buku la zomera zothandiza za dziko lino, momwe muli mayina a ndiwo zathu zambiri. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe ankasungidwa m'Malawi, anadwala pellagra, nthenda yowononga khungu, yotsegula m'mimba ndi yosokoneza mutu. Chimanga ankalandira ndithu. Chimene chinasiya kubwera ndi mtedza, womwe unkawapatsa vitamini wotchedwa niacin, ndipo chimanga chokha sichipereka vitamini ameneyu mokwanira. Anthu ankakhuta, koma akudwala.

Kuperewerako sikunathe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, kutsika kuchoka pa 47 mu 2010. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 pa 100 alionse anali olemera kupitirira muyezo, ndipo m'matauni chiwerengerocho chinali chokwera kuposa kumidzi. Kafukufuku wina wa 2009 anali ataonetsa kale kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo pakati pa 5 ndi 6 pa 100 anali ndi shuga. Ambiri mwa iwo sankadziwa.

Dutsani mumsika wa Ndirande nthawi ya nkhomaliro muone chimene chikuyenda malonda: tchipisi cha pachiwaya, zigege, mandasi, kanyenya, ndi chakumwa chotsekemera chotsitsira. Munthu wogwira ganyu ku Makata kapena ku Limbe amadya chimene chili chotchipa, chokhutitsa ndi chofulumira, ndipo simungamuimbe mlandu. M'tauni mulibe dimba la kuseri kwa nyumba. Chisoso ndi bonongwe, zomwe kumudzi zimamera zokha, ku Zingwangwa zimagulidwa pamulu. Makala akakwera mtengo, nyemba zimene zimafuna moto wa maola angapo zimaphikidwa mwa apo ndi apo. Mapeto ake, m'nyumba imodzi ku Machinjiri mutha kupeza mwana wopinimbira, mayi wochepa magazi ndi agogo a shuga, onse akudya za mumphika umodzi. Banja lotere silingaphike miphika itatu. Limafuna munthu wodziwa kukonza mphika umodzi womwewo kuti uthandize onse atatu.

Kumene amaphunzira

Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna ntchito imeneyi ankayenera kukaphunzira kunja, monga ku South Africa. Maphunziro a zakudya analipo ku koleji ya Bunda, koma ankakonzekeretsa anthu ntchito za m'madera ndi m'mafakitale, osati za m'mawodi. Zinthu zinasintha mu 2016, pamene Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources, yomwe timangoti LUANAR, mogwirizana ndi College of Medicine komanso Tufts University ya ku America, inayamba kuphunzitsa akatswiri a kadyedwe ka odwala konkuno. Maphunzirowo anali a anthu amene ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo gulu loyamba linali laling'ono kwambiri.

Lero njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi imeneyo, yoyamba wapeza digiri ya zakudya kenako n'kuwonjezera maphunziro a kuchipatala. Yachiwiri ndi yolowa mwachindunji ukachoka kusekondale. Kamuzu University of Health Sciences, kapena KUHeS, imaphunzitsa digiri yoyamba ya Dietetics and Human Nutrition. Yunivesite imeneyi inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, koleji imene inatsegulidwa mu 1991. Likulu lake lili mu Blantyre, pa msewu wa Mahatma Gandhi, moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe chakhala chikulandira odwala kuyambira 1958. Kuchokera ku Chitawira kapena ku Zingwangwa ndi mtunda woyenda wapansi.

Kuyandikira kwa malo sikufupikitsa mpikisano. Pamafunika satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti m'maphunziro osachepera asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingelezi, masamu, Biology, Chemistry ndi Physics, ndipo poti malo ndi ochepa, amene ali ndi mapointi otsika ndiwo amayamba kulowa. Mafomu a mayunivesite a boma amadzera ku National Council for Higher Education, ndipo chilengezo cha chaka chilichonse chimafotokoza zofunika pa digiri iliyonse. Chiwerengeni nokha, musadalire zomva. Ophunzira osowa amatha kupempha ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ndi ngongole ndithu, imabwezedwa munthu akayamba kupeza ndalama.

Khomo limeneli ana ambiri amadzitsekera okha ali aang'ono, pa nthawi yosankha maphunziro polowa Fomu 3. Mnzawo akanena kuti Chemistry ndi yovuta, nawonso amaithawa. M'sukulu zambiri zoyendera za m'matauni labu ndi yosakwanira, ndipo n'zoona kuti mwana wa kumeneko amavutika kuposa mnzake wa sukulu yogonera komweko. Komabe kuvutika ndi phunziro n'kosiyana ndi kulisiya.

Kutsatira mbamu ya nsima

Zaka zoyamba ku yunivesite sizikhala ndi fungo la chakudya. Wophunzira amakhala m'kalasi ndi m'labu, nthawi zina limodzi ndi anzake a maphunziro ena a zaumoyo, akuphunzira ziwalo za thupi, mmene zimagwirira ntchito, ndi mmene chakudya chimasinthira chikalowa mkati. Phunziro lomalizali, biochemistry, ndi limene limalizitsa ambiri, koma ndiwo msana wa ntchito yonse.

Tiyeni titsatire mbamu imodzi ya nsima. M'kamwa, malovu amayamba kuphwanya ufa uja. M'matumbo aang'ono umaphwanyidwa mpaka kusanduka shuga wotchedwa glucose, amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe amasanduka mphamvu, pamafunika insulini, timadzi timene thupi limapanga lokha. Wodwala shuga ndi munthu amene thupi lake silipanga insulini yokwanira, kapena silimvera bwino imene ilipo. Ndiye onani: nsima sitsekemera pa lilime, koma m'magazi imafika ili shuga. Chimodzimodzi mpunga, buledi, chinangwa ndi mbatata. Mayi wa mu minibasi uja sananame kotheratu, chifukwa gaga wa mu mgaiwa ali ndi ubwino wake ndipo amachedwetsako kalowedwe ka shuga. Koma mitanda inayi ya mgaiwa imakweza shuga kuposa mtanda umodzi wa ufa woyera. Funso lalikulu ndi kuchuluka kwa nsimayo, ndi zimene yatsagana nazo. Uchi nawonso, ngakhale uchokere ku njuchi, m'magazi umakafika uli shuga.

Kenako pamabwera masamu. Mphamvu za m'chakudya zimayezedwa mu makalori. Galamu imodzi ya ufa kapena ya zomanga thupi imapereka makalori 4, pomwe galamu imodzi ya mafuta imapereka 9. N'chifukwa chake mbatata yachizungu yowiritsa ndi mbatata yomweyo itasambira m'chiwaya ndi zakudya ziwiri zosiyana. Wophunzira amaphunzira kuyeza ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi msinkhu wake: amachulukitsa msinkhu ndi msinkhu womwewo, n'kugawa kulemera ndi yankholo. Mayi wolemera makilogalamu 80, wotalika mamita 1.6, amapeza 31. Muyezo wabwino uli pakati pa 18.5 ndi 25, ndipo kuyambira pa 30 ndi kunenepa kumene kumaitana matenda. Apa sayansi imagundana ndi chikhalidwe, chifukwa kwathu kuno munthu akanenepa timati akusamalidwa bwino, ndipo akachepa thupi anthu amayamba kunong'onezana. Kuuza mayi wa ku Chilomoni kuti achepetse thupi ndi kumupempha kuti apirire maso a anthu a m'dera lonse. Wophunzira amene sanamvetse zimenezi adzadabwa kuti bwanji odwala ake sakumumvera.

Palinso tizinthu tambiri timene timaoneka tating'ono. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi mchere wobisika m'buledi, m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi m'soseji. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zozizilitsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8. Tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi, mchere wofunika popanga magazi, pomwe bwemba, gwafa kapena ndimu zimathandiza. Soda wothira m'therere amafewetsa ndiwo koma amawononga mavitamini ena. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Bonya ndi usipa, poti timadya ndi minga yomwe, zimapereka kashiamu wolimbitsa mafupa pa mtengo umene nyama ya ng'ombe singafike.

Kwa nthawi yaitali owerengera zakudya kuno ankadalira mabuku a mayiko ena, momwe simupezeka nkhwani wotendera kapena futali. Mu 2019 Malawi inatulutsa buku lakelake lofotokoza zimene zili m'zakudya zathu zoposa 300. Buku limeneli ndi chida cha tsiku ndi tsiku cha wophunzira wa lero. Pamwamba pa izi amaphunzira kayendetsedwe ka khitchini ya chipatala, ukhondo wa chakudya, kafukufuku, ndi luso lolankhula ndi odwala.

M'mawodi

Zaka zomaliza wophunzira amavala gauni yoyera n'kulowa m'mawodi, akuyang'aniridwa ndi amene analembetsa kale. Kumeneko amazindikira kuti gawo lovuta si kuwerengera, koma kudziwa zimene wodwala amadyadi. Tamvani mmene kufunsa kumayendera:

"Amayi, dzulo mutadzuka munayamba kudya chiyani?"

"Sindinadye kanthu, mwanangu. Tiyi basi."

"Munathira shuga masupuni angati?"

"Aaa, pang'ono pokha."

"Supuni yake iti, yaing'ono ija kapena yodyera phala?"

"Yodyera phala. Atatu."

"Tiyiyo munamwera chiyani?"

"Timandasi tiwiri."

Mayiyu sakunama. Kwa ife munthu amene sanadye nsima sanadye, ndipo mandasi, thobwa, chimanga chootcha ndi nzimbe za panjira siziwerengedwa. Wofunsa akangolemba kuti "m'mawa sanadye", zonse zimene awerengere pambuyo pake zikhala zolakwika. Ndiye amafunsabe mofatsa: amaphika ndani pakhomopo, amagula ndani, mumadya angati, mumadyera mbale imodzi kapena aliyense yake, ndalama ya ndiwo patsiku imakhala yochuluka bwanji, kodi mumasala kudya kutchalitchi kapena m'mwezi wa Ramadan. Akatha apo m'pamene amapangana ndi wodwala zochita. Kawirikawiri sizikhala zachilendo: theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, mbali ina nyemba, usipa kapena dzira, nsima ikhale mtanda wofanana ndi chibakera cha mwini wake, chipatso chimodzi osati mulu wonse wa mango nthawi imodzi. Ndipo amachenjeza chinthu chimene alangizi a panjira satchula: munthu wobaya insulini kapena womwa mapiritsi ena a shuga akadumpha chakudya, shuga amatha kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Mantha a chakudya nawonso amagwetsa anthu.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene pamadziwikira katswiri weniweni. Kulemba pepala lodzaza ndi maapulo, mkaka wopanda mafuta ndi mafuta a olive n'kosavuta, koma pepala lotere limakathera pansi pa matiresi. Malangizo amene sangagulike pamsika wa Bangwe ndi ndalama imene ili m'thumba la wodwala sachiza munthu.

Ku wodi ya Moyo ku Queens, komwe amagoneka ana onyentchera kwambiri, wophunzira amaona mbali ina ya ntchitoyi. Amaphunzira kukulunga kalamba ka mitundu itatu pa mkono wa mwana: kakaonetsa kufiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, mwanayo ali pangozi. Amadina chala pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi atatu, ndipo pakatsala dzenje amadziwa kuti ndi kutupikana, ngakhale mwanayo aoneke wonenepa. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti mwana wotere samuyamba ndi chakudya chambiri. Thupi limene lakhala nthawi yaitali likusowa limakhala litachepetsa ntchito za mtima, chiwindi ndi matumbo, ndipo kulidzaza mwadzidzidzi kungaphe mwanayo. Amayamba ndi mkaka wapadera wotchedwa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Mwana akayamba kutsitsimuka ndi kufuna kudya m'pamene amamupatsa mkaka wamphamvu wa F-100 kapena chiponde.

Chiponde cha kuchipatala chili ndi mbiri yake mu Blantyre. Anachikonza koyamba ku France mu 1996, koma kuyambira 2001 Dr. Mark Manary ndi anzake a ku College of Medicine anaonetsa kuti ana ambiri onyentchera atha kuchira ali kunyumba, akudya chiponde chosakaniza mtedza, mkaka wa ufa, mafuta, shuga ndi mavitamini. Kapaketi kamodzi ka magalamu 92 kamapereka makalori 500, sikafuna kuphika, ndipo sikasakanizidwa ndi madzi omwe angakhale ndi tizilombo. Lero njira imeneyi ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Ntchito ya wophunzira ndi kukhala pansi ndi mayi n'kumufotokozera kuti chipondecho ndi mankhwala a mwana mmodzi, ngakhale abale ake akulira pambali. Mawu amenewa si opepuka kwa mayi wa ana anayi.

Kwa odwala impso, makamaka amene amasefedwa magazi pa makina ku Queens ndi ku Kamuzu Central, katswiri amawerenga zotsatira za magazi asanalankhule za chakudya. Mchere wa potaziyamu ukakwera, nthochi, mapeyala, tomato wambiri ndi mbatata zimachepetsedwa, ndipo amaphunzitsa kuwiritsa mbatata zodulidwa m'madzi ambiri n'kutaya madziwo. Wopsa ndi moto ali mbali inayo: thupi lake limafuna mphamvu ndi zomanga thupi zochuluka kuposa masiku onse kuti mabala apole. Wodwala sitiroko amene akutsamwa amafuna chakudya chofewetsedwa mwanjira yake, kapena cha pa chubu. Ndipo m'zipatala zathu muli munthu wina amene wophunzira sangamulambalale, ndiye gadiyani. Iyeyu ndi amene amaphika, kudyetsa, ndi kubweretsa kontena ya chakudya kuchokera kunyumba. Malangizo akapanda kufika kwa gadiyani m'Chichewa chomveka, ndiye kuti sanafike kwa wodwala.

Kulembetsa

Digiri yokha siipatsa munthu chilolezo chothandiza odwala. Akamaliza maphunziro ndi nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa, dzina lake limayenera kulowa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987 ndipo limalembetsanso madokotala ndi makiliniko ofesa. Apo m'pamene amatchedwa registered dietitian, kutanthauza katswiri wolembetsedwa. Chilolezocho chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo mwini wake amayenera kupitiriza kuphunzira. Akalakwira wodwala, pali malo okadandaula, ndipo dzina lake litha kuchotsedwa.

Ena amaona ngati kulembetsa ndi mwambo wa mapepala chabe. Koma pa nkhani ya zakudya aliyense ndi mphunzitsi, poti aliyense amadya. Wogulitsa tiyi wochepetsa mimba pa Facebook, wogulitsa mabotolo odula a "zowonjezera" amene amakulonjezaninso phindu mukakopa anzanu, ngakhale wophunzitsa masewera olimbitsa thupi, onse amalankhula molimba mtima. Wodwala akavulala ndi malangizo awo, palibe kaundula amene angachotsedwemo. Chizindikiro chimodzi n'chosavuta kuchigwira: katswiri wolembetsedwa sangakuuzeni kuti musiye mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV n'kudalira chakudya kapena botolo limene iye akugulitsa. Amagwira ntchito limodzi ndi dokotala wanu, ndipo zimene wakuuzani amazilemba m'buku lanu la kuchipatala.

Sukulu ikatha

Malo oyamba a ntchito ndi zipatala zazikulu zinayi za boma: Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Palinso zipatala za mishoni ndi zomwe si za boma, mabungwe othandiza ana ndi amayi, makampani opanga zakudya, kafukufuku ndi uphunzitsi. Tisanamizane, kuchepa kwa akatswiri sikutanthauza kuti ntchito imamudikira munthu pakhomo la yunivesite. Boma limalemba anthu ndalama zikapezeka, ndipo womaliza maphunziro atha kukhala miyezi akuyembekezera monga anzake a ntchito zina za chipatala. Wolowa maphunzirowa pofuna kulemera msanga wasokera.

Kumene akufunika kwambiri, mmene ndikuonera, ndi m'zipatala zing'onozing'ono za m'madera momwe anthu amakhala: ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi South Lunzu. Kumeneko ndi kumene odwala BP ndi shuga amafola m'mamawa, ndipo wowaona amakhala ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense, zongokwanira kuyeza ndi kulemba mankhwala. Funso la mbale limafuna theka la ola. Munthu akathandizidwa pa msinkhu umenewo, mwayi umakula woti sadzafika pa makina osefa magazi kapena podulidwa mwendo.

Ngati inu kapena m'bale wanu ali ndi shuga, BP, vuto la impso, kapena akuchepa thupi mosadziwika bwino, pemphani dokotala kuti akutumizeni kwa katswiri wa kadyedwe, ndipo musachite manyazi kufunsa ngati analembetsa ku Medical Council. Ngati ndinu wa Fomu 2 ndipo ntchitoyi yakusangalatsani, chaka chamawa musasiye Chemistry, Physics ndi Biology.